Kudzutsa Land Cruiser ya sukulu: kuliza injini ndi gawo laling'ono la ntchito



Funso limene lakhala likumveka pamisonkhano ya makolo ndi lakuti: Land Cruiser ya sukulu ija, yomwe yaima kuseri kwa ofesi kwa zaka zingapo tsopano, bwanji osangoigulira batire n'kuiliza? Funsoli ndi lomveka. Mvula ikayamba, misewu ya dothi yopita kumidzi ya kwa Maganga, kwa Pemba ndi kwa Ndindi imasanduka matope, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimabwerera panjira. Wophunzira akadwala usiku, chipatala chachikulu chili ku boma la Salima, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay. Maliro akagwa, ife Asilamu sitigoneka thupi masiku ambiri. Liyenera kusambitsidwa, kuswaliridwa ndi kuikidwa msanga. Zonsezi zimafuna galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi.

Komiti isanayambe kutolera zopereka, ndi bwino tonse timvetse chimene ntchitoyi imafuna. Galimoto imawonongeka ngakhale ili chiimire. Kuiliza ndi gawo losavuta ndiponso lotsika mtengo. Ndalama zambiri, komanso chitetezo cha ana athu, zili m'mabuleki, m'matayala, m'chiwongolero ndi m'mapepala.

Galimoto imeneyi ndi amana

Galimotoyi si ya munthu mmodzi. Ndi katundu wa anthu onse amene anasungitsidwa kwa ife, ndipo chosungitsidwa chotere m'Chisilamu timachitcha amana. Pali njira ziwiri zolakwira amana imeneyi. Yoyamba ndi kuisiya kuti iwolere pansi pa mtengo, komwe ndi kuwononga chuma. Yachiwiri, yoopsa kwambiri, ndi kuithamangitsira pamsewu itanyamula ana a eni mabuleki ali okayikitsa, n'kumati Allah atisunga. Tonse tikuidziwa nkhani ya munthu uja amene anafunsa Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri. Kuyeza mabuleki ndiko kumanga ngamira kwa masiku ano.

Mwayi wathu ndi wakuti galimotoyi ndi ya mtundu wosavuta kukonza. Kampani ya Toyota inayamba kupanga ma Land Cruiser a gulu la 70 mu 1984, ndipo injini ya dizilo yotchedwa 1HZ inabwera mu 1990. Ili ndi masilinda 6, kukula kwake ndi malita 4.2, ndipo mafuta amatumizidwa ndi pampu wamba, osati kompyuta. N'chifukwa chake maambulansi ambiri a m'maboma ndi amtundu umenewu, amakaniko athu amaidziwa bwino, ndipo masipeya ake amapezeka ku Lilongwe. Zambiri zimene tikufotokoza pano zimagwiranso ntchito pa Land Rover kapena Hilux yakale imene mwina yaima pakhomo panu.

Tiyambe ndi mapepala ndi chesisi

Tisanagule ngakhale bawuti imodzi, titulutse bulubuku. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zalembedwa m'bukumo zifanane ndi zimene zinadindidwa pachitsulo. Tionenso kuti dzina la mwini ndi lotani. Ngati galimoto inalowa m'dziko muno popanda msonkho chifukwa inali ya bungwe lothandiza anthu, umwini wake susinthidwa a Malawi Revenue Authority asanavomereze. Kukonza galimoto imene mapepala ake ali osokonekera ndi kumanga nyumba pamalo a mwini.

Kenako makaniko alowe pansi akaone chesisi, chomwe ndi mafupa a galimoto. Ena amaganiza kuti poti madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere ngati a ku Beira, kuno dzimbiri silivuta. Dzimbiri limangofuna chitsulo, chinyezi ndi mpweya, ndipo kunyanja kuno zonsezi zilipo. Matope a makande amalowa m'kati mwa chesisi, n'kumasunga chinyezi chaka chonse, ndipo chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati. Makaniko amagogoda ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu n'kugwetsa makoko. Malo ofunika kwambiri ndi pamene pamangiriridwa masipuling'i ndi bokosi la chiwongolero. Ngati pamenepa padyeka kwambiri, utoto wowala wa pamwamba usatinyenge; chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zikatero ndi bwino kugulitsa galimotoyo ngati masipeya, ndalamazo n'kuzisungira ina.

Kutulutsa alendo

Galimoto yoima nthawi yaitali imakhala ndi eni ake atsopano. Makoswe amamanga zisa m'bokosi la fyuluta ya mpweya ndipo amatafuna mawaya. Mavu amamata dothi m'timapaipi. Njoka imakonda pansi pa boneti ndi pansi pa mipando, choncho munthu asapise dzanja pamalo amene sakuwaona. Zonsezi zichotsedwe, ndipo mawaya aonedwe limodzilimodzi batire isanalumikizidwe. Waya wosendeka akakhudza chitsulo batire yatsopano itangoikidwa, galimoto ikhoza kupsa isanayende ndi mita imodzi yomwe.

Mafuta akale ndi mdani

Thanki yosadzaza imapuma. Masana a ku Salima mpweya wa m'kati umatentha n'kutuluka, usiku umalowa wina wachinyezi, ndipo chinyezicho chimasanduka madontho m'mbali mwa thanki. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakakhala pansi. Pamalire a madzi ndi dizilo pamamera tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga phala lakuda. Munthu akaliza injini mafuta ali otere, phala ndi madzi aja zimapita ku pampu ndi mainjekita, zomwe zili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri pa injini ya dizilo. Choncho thanki itsitsidwe n'kutsukidwa, mapaipi apemereredwe, ndipo fyuluta ya mafuta ikhale yatsopano.

Eni galimoto za petulo adziwe kuti vuto lawo ndi lalikulu kuposa pamenepa. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol amakoka madzi. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya utomoni umene umatseka tinjira ting'onoting'ono ta mafuta. Kaya ndi dizilo kaya petulo, munthu asayamwe ndi pakamwa pofuna kukhuthula thanki.

Oyilo naye amatsikira pansi galimoto ikaima, n'kusiya zitsulo za kumtunda kwa injini zili zouma. Oyilo wakale akhuthulidwe ndipo ayang'anitsitsidwe. Akakhala wakuda, palibe chodabwitsa. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi analowa m'injini, ndipo mpofunika kupeza polowera pake tisanapitirire. Madzi a m'rediyeta asinthidwe, ndipo mapaipi ake a labala afinyidwe ndi dzanja. Olimba gwa kapena ong'aluka achotsedwe.

Pa injini ya 1HZ pali lamba wa mano amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavalavu. Lambayu ndi wa labala, ndipo labala amakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda. Akaduka injini ikulira, mapisitoni amagunda mavalavu, ndipo ntchito ya ndalama zochepa imasanduka yomasula injini yonse. Asinthidwe injini isanalizidwe.

Dzanja liyambe, kiyi abwere pambuyo

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto. Imapanikiza mpweya mpaka malo ake achepe kuposa ka 20, mpweyawo n'kutentha kwambiri moti dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha. Koma madzi sapanikizika. Ngati madzi a mvula analowa m'silinda kudzera ku ekizozi kapena kolowera mpweya, sitata ikangozunguza injini pisitoni imagunda madziwo ngati khoma, ndipo chitsulo chimene chimaigwira chimapindika.

Choncho makaniko amayamba wachotsa mahita, tija timatenthetsa masilinda m'mawa, n'kudontheza oyilo pang'ono m'silinda iliyonse. Amadikira, kenako amaika sipana pa bawuti yaikulu ya kutsogolo kwa injini n'kuizunguza ndi dzanja mpaka izungulire kawiri kathunthu. Ikazungulira bwino, Alhamdulillah. Ikakana, asaikakamize ndi sitata kapena poikoka ndi galimoto ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Imene yakhala yopanda moto kwa zaka nthawi zambiri siigwiranso moto ngakhale itchajidwe. Tionetsetsenso ngati galimoto ndi ya mavoti 12 kapena 24, chifukwa ma Land Cruiser ena amagwiritsa ntchito mabatire awiri olumikizana. Mafuta atsopano akathiridwa, mpweya wa m'mapaipi utulutsidwe popopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta.

Injini ilizidwe panja, osati m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete. Wina aime pafupi ndi thabwa lotsekera polowera mpweya, popeza injini ya dizilo nthawi zina imathawa yokha n'kukana kuzima ndi kiyi, ndipo njira yoizimitsira ndi kuimana mpweya. Ikalira, getsi lofiira la oyilo lizime m'masekondi ochepa. Likapanda kuzima, injini izimitsidwe pomwepo. Utsi woyera wa poyamba umatha injini ikatentha. Wabuluu wosatha ukusonyeza kuti oyilo akupsa, wakuda ukusonyeza mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa. Alitaneta ikamagwira bwino, batire imaonetsa mavoti a pakati pa 13.8 ndi 14.4. Chivundikiro cha rediyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha.

Kuima ndiko kofunika kuposa kuyenda

Tsiku limene injini idzalire, ana adzaimba m'manja ndipo ena adzati ntchito yatha. Pamenepo mpamene komiti iyenera kulimba mtima, chifukwa galimoto yolira koma yosaima ndi yoopsa kuposa yogona.

Taganizirani ulendo wochokera ku Lilongwe pamsewu wa M14. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Galimoto imatsika mamita oposa 500, ndipo m'zitunda za cha ku Mvera mabuleki amatentha kwambiri. Mafuta a mabuleki ali ndi khalidwe lokoka chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi amawira msanga. Akawira, m'mapaipi mumakhala nthunzi. Ophunzira a sayansi aone apa kusiyana kwake: madzi m'silinda amathyola injini chifukwa sapanikizika, pamene nthunzi m'mapaipi a mabuleki imapha anthu chifukwa imapanikizika. Dalaivala amaponda, phazi n'kufika pansi, galimoto osaima. N'chifukwa chake amakaniko amalangiza kusintha mafuta amenewa pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo m'galimoto yathu onse achotsedwe.

Si mafuta okha. Mapaipi a chitsulo a mabuleki amadyeka ndi dzimbiri, a labala amang'aluka kapena kufufuma m'kati. Timapisitoni ta kumawilo timagwirana n'kusiya kuyenda. Ngati galimoto inasiyidwa handibuleki ili yokoka, nsapato za mabuleki zimamatirira ku madiramu. Mawilo onse anayi amasulidwe n'kuonedwa. Pochita izi galimoto ikhale pa zochirikizira zolimba, chifukwa jeke yekha amagwa, makamaka pamchenga ngati wathu.

Matayala amanyenga kwambiri. Tayala likhoza kukhala ndi mano akuya koma lili lakufa, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimaumitsa labala, ndipo kuima pamalo amodzi lili lophwa kumathyola nsalu ndi mawaya a m'kati. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa. Mwachitsanzo 2315 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti lofika zaka 10 lichotsedwe ngakhale lioneke bwino, ndipo long'aluka m'mbali lichotsedwe ngakhale lisanafike pamenepo. Tayala lakutsogolo likaphulika pa phula lotentha la M5 galimoto itadzaza ana, dalaivala sakhala ndi nthawi yoganiza. Kugula matayala akale pamsika pofuna kupulumutsa ndalama ndi kungosamutsa vuto lomwelo.

Chiwongolero chisakhale ndi mpata waukulu. Makaniko akweze kutsogolo n'kugwedeza wilo lililonse kuti amve ngati mabering'i ndi mfundo za chiwongolero zatha, n'kuthira girisi watsopano ponse pofunika. Kalatchi nayo imatha kumatirira galimoto ikaima nthawi yaitali, moti magiya amakana kulowa injini ikulira.

Kukoka ndi mawilo onse anayi

Chimene chimasiyanitsa galimotoyi ndi zinzake ndi kabokosi kachiwiri ka magiya kamene kamatumiza mphamvu kutsogolo, madifu awiri, ndi mahabu a mawilo akutsogolo amene amakhomedwa ndi dzanja. Giyabokosi, kabokosi kachiwirika ndi madifu onse ali ndi oyilo wawo. Galimoto imene inkawoloka mitsinje ndi madambo nthawi zambiri imakhala ndi madzi m'madifu, chifukwa difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi. Oyilo yense asinthidwe.

Poyesa, mahabu akhomedwe, kenako ayesedwe magiya a 4H ndi 4L pamsewu wa dothi kapena pamchenga. Pa phula louma asayesedwe. Mtundu uwu wa galimoto ukakhala pa mawilo anayi, kutsogolo ndi kumbuyo kumazungulira mofanana, pamene pokhota mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi tayala limaterereka pang'ono n'kuthetsa kusiyanako, koma pa phula zitsulo zimapotana mpaka china chithyoke. Mumchenga wambiri, kuchepetsako mpweya m'matayala kumathandiza kuti galimoto isatitimire, bola apopedwenso isanabwerere pa phula.

Chilolezo cha boma

Magetsi onse, maindiketa, hutala, mawaipa, magalasi ndi malamba a m'mipando zikhale zogwira ntchito. Kenako galimoto ikayezedwe kuti ipatsidwe COF, chikalata chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chomwe chili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Lamulo limafunanso inshuwalansi, ndipo popeza tidzanyamula ana, komiti isankhe yoteteza okwera. Dalaivala akhale ndi laisensi yogwirizana ndi galimotoyo ndi ntchito yonyamula anthu. M'galimoto mukhale zikwangwani ziwiri zofiira za makona atatu, chozimitsira moto, jeke ndi tayala lapadera labwino.

Pali madobadoba amene amalonjeza kubweretsa pepala galimoto isanaonedwe n'komwe. Ife tisayandikire njira imeneyo. Chiphuphu ndi haramu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo pepala logula silingaimitse galimoto pa chitunda. Galimoto ikalephera kuyezedwa, woyezayo watithandiza potionetsa chimene tinaphonya.

Zimene tikupempha

Kwa komiti: makaniko aone galimoto yonse kaye, alembe mndandanda wa zofunika ndi mitengo yake, ndipo ntchito igawidwe m'magawo monga tafotokozera. Mtengo wa mabuleki, matayala, inshuwalansi ndi COF uwerengedwe pachiyambi pomwe. Ngati zopereka sizingafike pamenepo, ndi bwino kudikira kusiyana ndi kukhala ndi galimoto yolira imene aliyense adzafune kuibwereka isanakonzeke. Malisiti onse asungidwe ndipo chiwerengero chiziwerengedwa kwa anthu ikatha swala ya Lachisanu, kuti wopereka aliyense adziwe kumene kwapita ndalama yake.

Kwa makolo: ntchitoyi sithera tsiku lolandira COF. Galimoto zambiri za masukulu ndi mizikiti zimaima chifukwa cha kanthu kakang'ono kamene panalibe ndalama yokagulira, kenako mwezi umasanduka chaka. Pakhale thumba la oyilo, mafyuluta ndi matayala, komanso buku lolembamo ulendo uliwonse, makilomita ake ndi mafuta. Galimoto iziyenda kamodzi pa sabata mpaka injini itenthe bwino, ngakhale pa holide. Iziimikidwa pansi pa denga, pamalo ouma, thanki ili yodzaza. Ikati iime nthawi yaitali, batire ichotsedwe ndipo mawilo atchingidwe ndi mitengo m'malo mokoka handibuleki.

Kwa ophunzira: musasewere m'kati kapena pansi pa galimotoyi, makamaka ikakwezedwa. Amene mukufuna kuona mmene injini imagwirira ntchito, pemphani kudzera kwa aphunzitsi a sayansi kuti mudzaonerere makaniko akugwira ntchito. Oyilo ndi dizilo wakale asungidwe m'zigubu zotseka, asatayidwe pansi kapena m'ngalande, chifukwa madzi a mvula amakathera m'zitsime zathu ndi m'nyanja momwe makolo anu amapha usipa ndi chambo.

Tikupempha Allah atipatse kudekha pa ntchitoyi, adalitse chuma cha onse amene adzapereke, ndipo ateteze aliyense amene adzakwere galimotoyi. Ameen.